Maphunziro opitiriza a madokotala a mapapo ndi a ku ICU: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali pansipawa ndi omwe amangobwerabwera anthu akamakambirana za maphunziro opitiriza a madokotala a mapapo ndi a ku ICU (wodi ya odwala kwambiri), ena amafunsa ndi madokotala omwe angomaliza kumene, ena ndi akuluakulu oyang'anira ma wodi, ena ndi manesi, ndipo pena ndi achibale a odwala omwe amadabwa kumva kuti adokotala nawonso apita kukaphunzira. Tayamba ndi osavuta.

Kodi maphunziro opitiriza ndi chani kwenikweni?

Ndi kuphunzira konse komwe dokotala amachita atamaliza kale sukulu n'kuyamba ntchito. Ena amati CME, ena amati CPD, kusiyana kwake n'kochepa, CPD imangotambasuka pang'ono chifukwa imatenganso zinthu ngati utsogoleri, kuphunzitsa ena ndi kulankhula ndi odwala. Zimalowamo ndi zambiri, misonkhano, ma kosi a masiku awiri atatu, kuwerenga kafukufuku watsopano, kukambirana za wodwala yemwe wamwalira, kuyeserera pa chidole, ngakhale mphindi khumi zija mkulu wa wodi amaima pa bedi n'kufotokoza chifukwa chomwe wasinthira ventilator, makina othandiza wodwala kupuma.

Mabungwe opereka ziphaso za ntchito m'mayiko ambiri amafuna umboni woti dokotala akuchita zimenezi asanamupatsenso laisensi, nde nchifukwa chake mumamva za ma points. Za ma points zo tazikamba pansipa.

Munthu wakhala zaka zonsezo ku sukulu, akufunanso kuphunzira chani?

Vuto si loti anaphunzira zochepa ayi. Vuto ndi loti zina zomwe anaphunzira bwinobwino, nakhoza nazo mayeso, pano zinapezeka kuti n'zolakwika, ndipo mbali ya ICU ndiye imatembenuka kwambiri.

Mu 2001 kafukufuku wa ku Leuven ku Belgium anaonetsa ngati kutsitsa shuga mwamphamvu ndi insulin kumapulumutsa odwala a ku ICU, zipatala dziko lonse zinatsatira. Mu 2009 kafukufuku wamkulu wa NICE-SUGAR, wa odwala oposa 6,000, anapeza kuti omwe shuga wawo ankatsitsidwa choncho ankamwalira ambiri kuposa anzawo. Mankhwala a Xigris analoledwa mu 2001 ngati othandiza pa sepsis yoopsa (matenda a tizilombo akafika posokoneza thupi lonse), mu 2011 anachotsedwa pa msika ataoneka kuti sakuthandiza. Ku mbali ya mapapo nakonso, mu 2019 a GINA, omwe amalemba malangizo a mphumu, anasiya kulimbikitsa zoti munthu wamkulu wa mphumu azidalira inhela ya salbutamol yokha, zomwe madokotala anachita kwa zaka makumi, ndipo mu 2022 WHO inavomereza mankhwala a miyezi 6 a BPaLM a TB yosamva mankhwala pomwe kale anthu ankamwa mpaka miyezi 18 kapena kuposa.

Ndiye dokotala yemwe anamaliza mu 2005 n'kutseka mabuku sanangotsalira m'mbuyo, akhoza kumachita mwakhama ndi mtima wonse zinthu zomwe zikupweteka odwala. Theka la maphunziro opitiriza ndi kusiya zakale, ndipo ili ndi theka lomwe okonza maphunziro amaliiwala, amakonda kulengeza zatsopano basi.

Bwanji mapapo ndi ICU mukuziphatikiza?

Chifukwa zinakulira limodzi. ICU monga tikuidziwa pano imayambira pa mliri wa poliyo wa ku Copenhagen mu 1952, pomwe Bjørn Ibsen anaonetsa kuti odwala omwe akulephera kupuma atha kupulumuka ngati awaboola pakhosi n'kumawapopera mpweya, ndipo ophunzira udokotala ankasinthana kupopa ndi manja usana ndi usiku. Mpaka lero odwala ambiri a ku ICU amafikako chifukwa cha kupuma. Ku United States dokotala mmodzi amaphunzira ziwirizi pamodzi, pomwe m'mayiko ambiri ICU imakhala m'manja mwa madokotala ogonetsa anthu ku fiyeta. Kaya ndi njira iti, chibayo, ARDS (mapapo kutupa mwadzidzidzi mpaka kulephera kulowetsa oxygen m'magazi), mphumu yoopsa ndi COPD (matenda okhalitsa otsekereza njira za mpweya) zimawakumanitsa pa bedi limodzi.

Kafukufuku wabwino akatuluka, madokotala samangoyamba kutsatira?

Akanamatero bwenzi tsamba lino kulibe. Chitsanzo chomwe aliyense wa ku ICU amachidziwa ndi cha mpweya omwe ventilator imakankhira m'mapapo. Mu 2000 gulu la ofufuza la ARDSNet linaonetsa kuti kwa odwala a ARDS kupereka 6 ml pa kilogalamu m'malo mwa 12 kunatsitsa imfa kuchoka pa 39.8 kufika pa 31 pa odwala 100 aliwonse. Palibe mankhwala ogula, palibe makina atsopano, kungotembenuza nambala basi. Koma kafukufuku wa LUNG SAFE yemwe anatuluka mu 2016, wochokera m'ma ICU 459 m'mayiko 50, anapeza kuti pa odwala 10 a ARDS pafupifupi 4 madokotala sankawazindikira n'komwe kuti ali ndi ARDS, ndipo ambiri ankalandirabe mpweya wochuluka kuposa woyenera. Apa n'kuti patapita zaka 16 chitulukire zotsatira za ARDSNet.

Mukafunsa madokotala aja pa mayeso pafupifupi onse angayankhe kuti 6 ml. Ndiye chikulephereka n'chani? Kawirikawiri ndi tinthu tating'ono. Kilogalamu yomwe ikunenedwayo si ya pa sikelo, ndi yowerengera kuchokera ku kutalika kwa munthu, ndipo m'ma wodi ambiri palibe yemwe amayeza kutalika kwa wodwala wogona, amangoyang'ana n'kuganizira. Mayi wotalika 155 cm amafunika pafupifupi 290 ml, koma makina akangoyatsidwa n'kusiyidwa pa 500 ml yomwe anthu anazolowera ndiye kuti akulandira kuposa 10 ml pa kilogalamu, ndipo palibe alamu yomwe ilire. Apa lecture ina yonena za ARDSNet sithandiza kanthu, chofunika ndi tepi yoyezera pa bedi lililonse, tchati chomata pa ventilator, ndi nesi yemwe waphunzitsidwa kufunsa.

Kugoneka wodwala chafufumimba ndi chimodzimodzi. Kafukufuku wa PROSEVA mu 2013 anaonetsa imfa zikutsika kuchoka pa 32.8 kufika pa 16 pa 100, koma mu LUNG SAFE odwala a ARDS yoopsa omwe anatembenuzidwa anali pafupifupi 16 pa 100 okha. Zinafala mu 2020 nthawi ya COVID-19, pomwe ma timu anakakamizika kuyeserera mpaka kuzolowera.

Nanga ma lecture ndi misonkhano ikuluikulu ija zimathandiza?

Zimathandiza pang'ono. A Cochrane, gulu losanthula makafukufuku a zaumoyo, ataphatikiza makafukufuku ambiri mu 2009 anapeza kuti misonkhano yophunzitsa imakweza kachitidwe koyenera ka ogwira ntchito ndi pafupifupi 6 pa 100, ndipo imagwira bwino ikakhala yosakaniza kumvetsera ndi kukambirana, koma pa zinthu zovuta zofuna masitepe ambiri siyisintha zambiri. Sikuti ndi ziro ayi, koma muyerekeze ndi nthawi ndi ndalama zomwe zimapita.

Misonkhano ya mabungwe a akatswiri a mapapo ndi a ICU ngati ATS, ERS, CHEST, ESICM ndi SCCM ili ndi ubwino wake, umamva zomwe zikubwera, umadziwana ndi anthu oti uzidzawafunsa ukathedwa nzeru, umabwerako ndi mphamvu. Koma munthu kukhala m'holo yozimitsa magetsi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ma slide mazana akudutsa, ena akuwodzera ena ali pa foni, Lolemba akabwerera ku wodi amachita zomwe ankachita Lachisanu. Ngati chipatala chatumiza munthu ku msonkhano, chimuuziretu kuti akabwera adzasankhe chinthu chimodzi choti asinthe, ndipo adzanene tsiku lomwe adzaone ngati chasinthadi.

Ndiye njira yomwe imagwiradi ndi iti?

Palibe imodzi, koma zomwe zimagwira zimafanana mu zinthu zingapo. Zimachitikira pafupi ndi ntchito, zimakhala zazifupi koma zobwerezabwereza, wophunzira amachita kanthu osangokhala, ndipo wina amamuuza pomwe walakwitsa.

Kufunsidwa mafunso kumaposa kuwerenganso, izi akatswiri a kaphunziridwe anazitsimikiza kalekale, ubongo umasunga chomwe wavutikira kukumbuka. Ndipo mafunso asanu sabata iliyonse kwa miyezi itatu amakhalitsa kuposa mafunso 60 tsiku limodzi. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Nchifukwa chake bungwe la ABIM, loyesa madokotala ku America, mu 2022 linayamba kulola madokotala kuyankha mafunso ochepa miyezi itatu iliyonse m'malo modikira mayeso aakulu a zaka khumi aja.

Kukambirana za wodwala weniweni wa m'wodi mwanu kumaposa wodwala wa m'buku, makamaka wotsogolera akamaima pakati n'kufunsa kuti apa inu mukanatani, asanaulule zomwe zinachitika. Ndipo kuonetsa anthu manambala awoawo kumawagwedeza kuposa manambala a ku chipatala cha dziko lina, onani funso lomaliza.

Simulation ija, yoyeserera popanda wodwala weniweni, simafuna zidole zodula kwambiri?

Zidole zopuma, zolankhula, zotuluka thukuta zilipo ndipo n'zodula zedi, koma phindu lalikulu silichokera mu chidole. Limachokera mu kuyeserera mobwereza mpaka munthu afike pa mulingo womwe waikidwa, ndi kukambirana komwe kumatsatira. Ku Northwestern University ku Chicago anaphunzitsa madokotala achinyamata kuika central line (kachubu kolowa mu mtsempha waukulu) pa chidole ndipo sankaloledwa kupita kwa wodwala mpaka atakhoza, zotsatira zake matenda olowera pa line anatsika mu ICU. Chinsinsi chinali lamulo loti sudutsa usanakhoze.

Zambiri mutha kuchita ndi pilo, bedi lopanda munthu ndi foni yoonetsa manambala a monitor. Kutembenuza wodwala chafufumimba kumafuna anthu anayi kapena asanu ndi wina woyang'anira chubu chapakhosi, mmodzi wa inu agone pa bedi mumutembenuze. Chubu chatuluka mwangozi 3 koloko usiku, ndani akuthamangira chani? Yesererani mu wodi momwemo osati m'kalasi, chifukwa ndi pomwe mumatulukira kuti laryngoscope (chounikira kukhosi polowetsa chubu) ilibe batire, kiyi wa kabati ali ndi munthu yemwe waweruka, suction yoyamwa makhololo sikukoka. Zimenezi m'kalasi simungazione.

Chenjezo limodzi, wotsogolera akakhala wonyoza simulation imasanduka bwalo lochititsana manyazi ndipo ulendo wachiwiri anthu amapeza zifukwa zothawira.

Ndi maluso ati omwe amazilala msanga?

Omwe sachitika kawirikawiri koma akachitika amafuna liwiro. Kutsitsimutsa munthu yemwe mtima waima kumayamba kuzilala pakangopita miyezi yochepa chiphunzirireni, pomwe ma satifiketi ambiri amakhala a zaka ziwiri kapena kuposa. Kuboola pakhosi mwadzidzidzi chubu chikakanika kulowa, dokotala atha kukhala zaka osachitapo. Kuika chest drain (chubu chotulutsa madzi kapena mpweya m'chifuwa), kuthana ndi magazi otuluka pochita bronchoscopy (kuunika njira za mpweya ndi kamera), kusamala tracheostomy (chubu cha pa bowo la pakhosi) yomwe yatseka. Kafukufuku wa NAP4 ku Britain mu 2011 anaonetsa kuti ngozi za njira ya mpweya zikachitikira ku ICU zimapha kwambiri kuposa ku fiyeta, ndipo kusagwiritsa ntchito capnography (choyezera mpweya womwe wodwala akutulutsa) kunali m'gulu la zifukwa zikuluzikulu.

Palinso maluso omwe ambiri sanaphunzire n'komwe ku sukulu chifukwa anabwera mochedwa, monga kuunika mapapo ndi ultrasound pa bedi, kapena video laryngoscope yomwe mu kafukufuku wa DEVICE wa 2023 inalowetsa chubu ulendo woyamba pa odwala 85 pa 100 poyerekeza ndi 71. Koma osaiwala zooneka zazing'ono. Madokotala ndi manesi ambiri sangathe kuonetsa bwinobwino kagwiritsidwe ntchito ka inhela yomwe amalembera tsiku ndi tsiku, ndipo kuwerenga spirometry (muyeso wa kapumidwe ka mapapo) kumasokoneza anthu ambiri kuposa omwe amavomera.

Ndingadziwe bwanji mbali yomwe ndafooka?

Osati pongodzifunsa nokha. Mu 2006 David Davis ndi anzake anasonkhanitsa makafukufuku oyerekeza momwe madokotala amadzionera ndi momwe amachitiradi, anapeza kuti kudziyeza kwathu n'kosadalirika, ndipo omwe anali ofooka kwambiri nthawi zambiri ndi omwe anali odzidalira kwambiri. Izi zimapweteka kumva koma zikufotokoza chifukwa chomwe kusiyira munthu kuti asankhe yekha ma kosi kumakanika, aliyense amathamangira mutu womwe amaukonda kale. Wokonda ventilator amapita ku za ventilator chaka ndi chaka, za impso ndi za zakudya za odwala osazigunda.

Chothandiza ndi maso a kunja. Yankhani mafunso a mitu yonse osasankha muone pomwe mukugwa. Pemphani mnzanu akuonereni mukuchita procedure. Sungani kabuku ka ma intubation anu (kulowetsa chubu chopumira), angati analowa ulendo woyamba, angati oxygen inatsika. Funsani manesi ndi a pharmacy, iwo amadziwa bwino lomwe zomwe mumalakwitsa mobwereza kungoti palibe anawafunsapo. Safunsa anadya phula.

Ma points a CPD ali ndi ntchito kapena ndi mwambo chabe?

Ali ndi ntchito imodzi yeniyeni, amapatsa dokotala chifukwa chopempha nthawi kwa abwana ake, ndipo amakankha uja yemwe sakanaphunzira n'komwe. Kupitirira apo amayeza maola omwe munthu wakhala pa mpando osati zomwe waphunzira. Tonse tikudziwa zomwe zimachitika mwezi womaliza laisensi isanathe, vidiyo ikusewera pa kompyuta munthu ali kukhitchini, pamapeto kudina next next mpaka satifiketi ituluke.

Kukonza kwake sikuchotsa ma points koma kusintha zomwe zimapatsa ma points ambiri. Audit ya wodi yanu (kuwerenga m'mafayilo momwe mukuchitira), kuyeserera komwe wina wakuonani n'kusayina kuti mwakhoza, kutsogolera zokambirana za imfa, izi zizilemera kuposa kungopezeka pa msonkhano. Mabungwe ena anayamba kale kupita mbali imeneyo.

Bwanji mukungotchula manesi pomwe nkhani ndi ya madokotala?

Chifukwa ku ICU dokotala sachita kanthu yekha. Iye amalemba kuti mankhwala ogonetsa achepetsedwe m'mawa uliwonse, koma wochepetsa ndi nesi, ndipo ngati nesiyo sanauzidwe chifukwa chake, akaona wodwala akutakataka amakwezanso, ndipo sakulakwa, akuteteza chubu. Chonsecho kuyambira 2000 zinadziwika kuti kudzutsa wodwala tsiku lililonse kumachepetsa masiku a pa ventilator ndi awiri kapena kuposa.

Chitsanzo chotchuka ndi cha ku Michigan, komwe Peter Pronovost ndi anzake anagwira ntchito ndi ma ICU 103, zotsatira zinatuluka mu 2006. Masitepe anali asanu odziwika kale, kusamba m'manja, kuvala ndi kufunditsa wodwala mokwanira, kutsuka khungu ndi chlorhexidine, kupewa kuika line mphechepeche, ndi kuchotsa line yomwe yatha ntchito. Matenda a m'magazi ochokera pa line anatsika mpaka ndi 66 pa 100. Anthu ambiri anangotolapo kuti checklist ndi yamatsenga, koma chomwe chinasintha kwenikweni n'choti nesi anapatsidwa mphamvu yoimitsa dokotala akadumpha sitepe, akuluakulu a chipatala ali kumbuyo kwake, ndipo wodi iliyonse inkaona manambala ake. Ku England atayesa kukopera pulogalamuyi zotsatira sizinali zomveka chimodzimodzi, pepala lokha silinyamula zonsezo.

Ndiye ngati mukukonza maphunziro a kugoneka wodwala chafufumimba, a kuchotsa munthu pa ventilator kapena a sepsis, itanani onse omwe amagwira wodwalayo, ma physiotherapist ndi a pharmacy omwe.

Ntchito ndi yochuluka kale, nthawi yophunzira tiipeza kuti?

Funso ili ndi lachilungamo ndipo yankho loti dokotala wabwino amapeza yekha nthawi ndi lachipongwe. Munthu wochoka pa naiti saphunzira kanthu 8 koloko m'mawa, thupi lili m'kalasi mutu uli pa bedi. Ngati chipatala chikufuna anthu ophunzira chiike nthawiyo pa rota, wina agwire foni ya wodi pa ola limenelo, ndipo phunziro lomwelo libwerezedwe kuti a shifiti ina alipeze. Apo ayi tingotopetsa anthu omwe atopa kale, ndipo ogwira ntchito ku ICU ali m'gulu la omwe amatheratu mphamvu ndi kusiya ntchito kwambiri.

Koma musaderere mphindi khumi. Mutu umodzi pa handover, X-ray imodzi, blood gas imodzi (muyeso wa mpweya wa m'magazi), funso limodzi lomwe linabuka pa round dzulo wina n'kubwera ndi yankho lero. Pa chaka zimachuluka kuposa wekishopu ya sabata.

Nanga ma podcast, YouTube, magulu a WhatsApp ndi AI?

Zinatsegula zitseko, dokotala yemwe sangakwanitse ulendo wa ku msonkhano atha kumva katswiri yemweyo pa foni ali pa basi. Nthawi ya COVID-19 zotsatira za kafukufuku wa RECOVERY zoti dexamethasone 6 mg imachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa atatu kwa omwe ali pa ventilator zinalengezedwa pa 16 June 2020 ndipo m'masiku ochepa dziko lonse linali litamva. Koma njira zomwezo ndi zomwe zinafalitsa hydroxychloroquine, yomwe RECOVERY yomweyo inapeza kuti sithandiza.

Ndiye funsani, akulankhulayu ndi ndani, akunena za kafukufuku uti, ndipo odwala ake akufanana ndi anga? Podcast ikukupatseni njala yokawerenga, isakhale mapeto. AI imafotokoza bwino zinthu zovuta ndipo itha kukupangirani mafunso oyeserera, koma imalakwitsa molimba mtima ndipo pena imapeka makafukufuku omwe kulibe, dozi iliyonse muitsimikize kwina. Ndipo chonde zithunzi za odwala, mayina ndi manambala a fayilo zisamaponyedwe m'magulu, ngakhale gulu la madokotala okhaokha, screenshot simadziwa komwe ikathere.

Kampani ya mankhwala kapena ya makina ikalipira maphunziro pali vuto?

Pa makina, pena palibe kuchitira mwina, wodziwa ventilator yatsopano ndi yemwe waigulitsa. Muloleni aphunzitse mabatani, koma zoti ndi wodwala uti akufunika chani zikhale za inu. Pa mankhwala samalani kwambiri, si kuti amanama ayi, koma amasankha mutu. Mudzaitanidwa kambirimbiri kukamva za inhela yatsopano, koma palibe kampani yomwe idzalipire holo kuti mukambirane zosiya mankhwala osafunika kapena zoyeza kutalika kwa wodwala. Wolankhula aliyense anene poyera yemwe amamulipira, ndipo mitu ya chaka isankhidwe ndi wodi isanamve zomwe makampani akupereka.

Malangizo ambiri amalembedwa m'mayiko olemera, tiziwatsatira momwe alili ngakhale zida zili zochepa?

Apa ndi pomwe kuphunzira mongomeza kumapha anthu. Mu 2011 kafukufuku wa FEAST, wa ana oposa 3,000 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, anapeza kuti kuthira madzi ambiri a drip mwachangu kwa ana otentha thupi omwe magazi sakuyenda bwino kunachulukitsa imfa, chinthu chomwe ofufuzawo sankayembekezera. Mu 2017 ku Lusaka ku Zambia anayesa ndondomeko ya sepsis ya madzi ambiri kwa akuluakulu, ambiri mwa iwo ali ndi HIV, omwe anatsatira ndondomekoyo anamwalira 48 pa 100 pomwe a chisamaliro cha masiku onse anali 33. Kumene kulibe ventilator yokwanira yopulumutsa munthu mapapo akadzadza madzi, malangizo omwewo amabala zina.

Ndiye maphunziro abwino amaphunzitsa kufunsa kuti kafukufukuyu anachitikira kuti, pa odwala otani, ali ndi zida zanji. Ndipo nzeru siziyenda mbali imodzi yokha. Njira yozindikira ARDS popanda blood gas, pogwiritsa ntchito pulse oximeter (kachipangizo ka pa chala koyeza oxygen) ndi ultrasound, inachokera ku Kigali mu 2016, ndipo pano inalowa mu tanthauzo latsopano la ARDS la dziko lonse. Palinso ma kosi okonzedwa poganizira zimenezi, monga BASIC yomwe inayambira ku Hong Kong, ndi mfundo za EECC (chisamaliro choyambirira cha odwala kwambiri) zomwe zimati odwala kwambiri ambiri sali ku ICU koma m'ma wodi wamba, ndipo oxygen, kugoneka bwino wokomoka ndi kuyeza pafupipafupi zimapulumutsa ambiri kuposa makina odula.

Kanthu kena koti aliyense adziwe, mu 2020 ofufuza a ku Michigan anaonetsa kuti pulse oximeter imabisa kuchepa kwa oxygen pafupifupi katatu kawirikawiri mwa odwala akhungu lakuda poyerekeza ndi azungu. Kachipangizo kakuti 93 pomwe magazi ali pansi pa 88. Ambiri omwe amakagwiritsa ntchito tsiku lililonse sanauzidwepo.

Dokotala yemwe ali yekha kutali, wopanda katswiri pafupi, angatani?

Njira yomwe yayesedwa kwambiri ndi ya Project ECHO, yomwe Sanjeev Arora anayambitsa ku New Mexico mu 2003 pa matenda a chiwindi a hepatitis C. Gulu la akatswiri limakumana pa vidiyo ndi azachipatala akutali nthawi yokhazikika, akutaliwo amabweretsa odwala awo enieni osatchula mayina, onse n'kukambirana, kenako kaphunziro kakafupi. Pano ikugwiritsidwa ntchito pa TB, HIV ndi matenda ena ambiri. Ubwino wake ndi woti wodwala amathandizidwa pomwepo ndipo dokotala uja pakapita chaka amakhala katswiri wa dera lake. Netiweki ikavuta mawu okha amakwana.

Kulankhula ndi achibale nakonso n'kophunzira? Si khalidwe la munthu basi?

N'kophunzira, ndipo kumayesereredwa ngati procedure ina iliyonse. Dokotala wa ku ICU amauza anthu nkhani zoipa pafupifupi sabata iliyonse, wa mapapo amauza munthu kuti ndi khansa kapena kuti mapapo ake sadzabwereranso, koma ambiri anaphunzira pongoonera akuluakulu awo, abwino ndi oipa omwe. Kafukufuku wa ku France wa 2007 anaonetsa kuti madokotala akapatula nthawi yokwanira, kumvetsera kwambiri n'kupereka kapepala kofotokoza, achibale a omwalira ankavutika maganizo mochepa patapita miyezi itatu. Chovuta kwambiri kuphunzira ndi kukhala chete utanena mawu ovutawo, ambiri timathamangira kudzaza mpatawo ndi manambala a labu.

Nanga akuluakulu omwe agwira zaka 30, mungawauze chani?

Zaka zimapereka diso lomwe buku silingapereke, mkulu amangoima pakhomo n'kudziwa kuti uyu sali bwino. Koma zaka zomwezo zimalimbitsa zizolowezi, ndipo makafukufuku angapo anaonetsa kuti kutsatira malangizo atsopano kumatsika munthu akamatalikirana ndi nthawi yomwe anamaliza sukulu. Njira yabwino si kuwaika pa mpando wa ophunzira pamaso pa ana awo a ntchito, koma kuwapempha kuti atsogolere, munthu yemwe akukonzekera kuphunzitsa amawerenga. Ndipo wodi imasintha msanga tsiku lomwe mkulu wanena pagulu kuti ichi sindikuchidziwa, tandionetsani ultrasound yo. Zokambirana za imfa nazonso zimatengera iwo, akayamba ndi kufunsa kuti analakwa ndani, achinyamata amaphunzira kubisa.

Tingadziwe bwanji kuti maphunziro athu asinthadi kanthu?

Fomu ija yofunsa ngati mwasangalala ndi phunziro imangokuuzani ngati wophunzitsa anali wosangalatsa. Mayeso a pamapeto amakuuzani zomwe anthu akukumbuka tsiku lomwelo. Chomwe mukufuna kudziwa chili m'mafayilo a odwala.

Sankhani chinthu chimodzi chowerengeka musanaphunzitse. Mwachitsanzo, mwa odwala 20 omaliza omwe anali pa ventilator, ndi angati anayezedwa kutalika, ndipo angati anali pa 8 ml pa kilogalamu kapena pansi? Mwa a sepsis, panapita nthawi yaitali bwanji asanalandire antibiotic woyamba? Mwa a mphumu omwe anatulutsidwa, angati anaonetsedwa kagwiritsidwe ntchito ka inhela n'kupatsidwa ya steroid? Werengani, phunzitsani, konzani chomwe chikutchinga monga tanenera pa nkhani ya tepi yoyezera ija, kenako werenganinso pakatha mwezi, pakatha miyezi itatu, ndi pakatha isanu ndi umodzi chifukwa zinthu zimakonda kubwerera mwakale makamaka ogwira ntchito atsopano akabwera. Manambalawo amatidwe pomwe aliyense awaone, a wodi yonse osati a munthu mmodzimmodzi, ndipo wowafotokoza akhale munthu yemwe anzake amamulemekeza.

Imfa musayambe nazo ngati muyeso, mu wodi yaing'ono zimakwera ndi kutsika pa zifukwa zambiri zosakhudzana ndi phunziro lanu, mutha kudzitama kapena kudziimba mlandu pachabe. Ngati nambala sinasunthe pakatha miyezi itatu musabwereze lecture yomweyo, pitani pa bedi nthawi ya naiti mukaone chomwe chikuwalepheretsa anthu.